Windows 10 yasiya kulandira chithandizo: kompyuta yanu muchite nayo chiyani?

Masabata apitawa kuchipinda chathu cha makompyuta kwakhala kukubwera anthu ambiri ndi funso limodzi lomwelo. Ena amabwera ndi laputopu m'chikwama, ena amangojambula pa foni uthenga umene auona pa sikirini. Onse amafunsa kuti, "Akuti Windows yanga yatha, ndiye kuti kompyuta izima?" Mayi ena amene amataipa makalata ndi kupulinta zikalata za anthu pafupi ndi msika adafika pofuna kugulitsa laputopu yawo pamtengo wolira, poopa kuti ikawafera m'manja atsala opanda poyambira. Ndidawapempha kuti asapupulume, ndipo tidakhala pansi n'kukambirana. Zimene ndidawauza ndi zimene ndalemba pano, kuti aliyense amene ali ndi kompyuta, kapena amene amagwiritsa ntchito ya wina, azimve bwino.

Choyamba mtima ukhale m'malo: kompyuta yanu siizima, ndipo mafayilo anu safufutika okha. Iziyaka monga kale. Chimene chasintha n'chakuti kuyambira pa 14 October 2025 kampani ya Microsoft idasiya kutumiza kwaulere maapudeti a chitetezo ku Windows 10. Nkhaniyi siioneka ndi maso tsiku loyamba, koma imakula pakapita miyezi, makamaka kwa ife amene timasunga m'makompyutawa zithunzi za zikalata zathu, makalata a sukulu, ndi mapasiwedi a imelo imene timalandirirapo mauthenga ofunika.

Windows ndi chiyani kwenikweni?

Kompyuta ili ndi mbali ziwiri. Pali zitsulo zimene mumazigwira ndi manja, monga sikirini, kiyibodi, batire ndi disiki yosungira zinthu. Ndiye pali mapulogalamu. Pakati pa mapulogalamu onse pali imodzi yaikulu imene imayamba kugwira ntchito mukangoyatsa, ndipo ena onse amadalira iyoyo. Akatswiri amaitcha operating system. Ndi imene imalola Word kutseguka, imalankhula ndi purintala, imawerenga fulashi mukailowetsa, ndiponso imalumikiza kompyuta ku intaneti.

Windows ndi pulogalamu yotereyi, ndipo mwini wake ndi Microsoft ya ku America. Makompyuta a kampani ya Apple amayendera ina yotchedwa macOS. Palinso Linux, imene Linus Torvalds wa ku Finland adaiyamba mu 1991, ndipo aliyense ali ndi ufulu woigwiritsa ntchito osalipira. Makompyuta ambiri amene timawaona pano pa kampu, a mphatso ndi ogula pakaunjika omwe, amayendera Windows.

Kodi "chithandizo" chimenechi n'chiyani?

Pulogalamu ngati Windows ndi yaikulu kwambiri ndipo idalembedwa ndi anthu, choncho siilephera kukhala ndi zolakwika. Zina mwa zolakwikazo zimasiya mpata woti munthu wa zolinga zoipa alowe m'kompyuta yanu kudzera pa intaneti, pa fayilo imene mwatsegula, kapena pa tsamba limene mwaliyendera. Mipata yotere imapezeka mwezi ndi mwezi. Ikapezeka, Microsoft imakonza n'kutumiza kachigamba kotsekera, kamene timakatcha apudeti. Kuyambira mu 2003 kampaniyi imatumiza maapudeti ambiri a chitetezo pa Lachiwiri lachiwiri la mwezi uliwonse. N'chifukwa chake nthawi zina kompyuta imachedwa kuzima n'kumakuuzani kuti musaithimitse.

Taganizirani za denga la udzu. Nyumba ikangomangidwa denga limakhala labwino, koma chaka ndi chaka pamafunika woonjezera udzu pamene payamba kudontha. Wokonzayo akasiya kubwera, nyumba siigwa tsiku lomwelo. M'chilimwe simudziwa n'komwe kuti pali vuto. Mumadziwira mvula ikagwa, ndipo chaka chilichonse malo odontha amachuluka. Kutha kwa chithandizo kuli chimodzimodzi: wokonza denga wanena kuti pa nyumba iyi sabweranso.

Pali chinanso chimene chimakulitsa vutoli. Windows 10 ndi Windows 11 zimafanana m'zinthu zambiri za m'kati. Microsoft ikatseka mpata mu Windows 11 n'kulengeza, akuba amaphunzira chimene chakonzedwacho n'kukachifufuza mu Windows 10. Akachipeza amadziwa kuti pamenepo sipadzatsekedwanso.

Windows iliyonse ili ndi tsiku lobadwa ndi tsiku losiyidwa

Aka si koyamba kuti izi zichitike. Kwa zaka zambiri Microsoft yakhala ikusamalira mtundu uliwonse wa Windows kwa zaka pafupifupi 10. M'zaka zisanu zoyambirira inkakonza zolakwika ndi kuonjezera zatsopano, ndipo m'zaka zisanu zotsatira inkangotumiza za chitetezo zokha. Nawa masiku a mitundu imene timakumana nayo kawirikawiri:

Windows XP idatuluka pa 25 October 2001, chithandizo chidatha pa 8 April 2014.

Windows 7 idatuluka pa 22 October 2009, chithandizo chidatha pa 14 January 2020.

Windows 8.1 idatuluka mu October 2013, chithandizo chidatha pa 10 January 2023.

Windows 10 idatuluka pa 29 July 2015, chithandizo chidatha pa 14 October 2025.

Windows 11 idatuluka pa 5 October 2021 ndipo ikulandirabe chithandizo.

Mukuona kuti XP idakhalitsa kuposa zinzake. Anthu ndi maofesi ambiri adaikonda ndipo adachedwa kuisiya, choncho nthawi yake idaonjezeredwa. Mukuonanso kuti amene akadali pa Windows 7 akhala zaka zoposa zisanu opanda apudeti.

Windows 11 nayo ili ndi kachitidwe kake. Chaka chilichonse pamatuluka mtundu wake watsopano wokhala ndi dzina ngati 23H2 kapena 24H2. Manambala awiri oyambirirawo ndi chaka, ndipo H2 akutanthauza theka lachiwiri la chakacho. Kwa ogwiritsa ntchito Home ndi Pro, mtundu uliwonse umasamalidwa kwa miyezi 24 yokha. Mwachitsanzo, 23H2 idasiya kulandira maapudeti pa 11 November 2025. Choncho kukhala ndi Windows 11 pakokha sikokwanira ngati kompyutayo yakhala zaka isadalumikizidwe ku intaneti kuti ilandire mtundu watsopano.

Apple imatulutsa macOS yatsopano chaka ndi chaka, ndipo kawirikawiri imatumiza maapudeti a chitetezo ku mtundu watsopanowo ndi mitundu iwiri ya m'mbuyo mwake. Palibe kampani imene imasamalira pulogalamu yake mpaka kalekale, chifukwa kutero kumafuna antchito ndi ndalama, komanso kampani imafuna anthu asamukire ku zatsopano.

Zimene zidachitika mu 2017

Kuti muone kuti nkhaniyi si yongoopseza, kumbukirani za vairasi yotchedwa WannaCry. Idayamba kufala pa 12 May 2017 ndipo m'masiku ochepa idagwira makompyuta oposa 200,000 m'maiko pafupifupi 150. Ikalowa inkatseka mafayilo onse n'kulemba pa sikirini kuti mwini wake alipire ndalama kuti awatsegulire. Ku Britain zipatala zambiri za boma zidasokonekera, mpaka odwala ena adabwezedwa ndipo maopaleshoni ena adaimitsidwa.

Chomvetsa chisoni n'chakuti mpata umene vairasiyi idalowera, Microsoft idali itautseka kale mu March chaka chomwecho. Amene adalandira apudeti ya mwezi umenewo adapulumuka. Ambiri mwa makompyuta amene adagwidwa adali a Windows 7 amene eni ake sadaike apudetiyo ngakhale idalipo. Windows XP idali itasiyidwa kale, moti poyamba idalibe apudeti imeneyi, ndipo Microsoft idachita kutulutsa yapadera vuto litakula. Tikuphunzirapo zinthu ziwiri. Kompyuta yosiyidwa imakhala pangozi chifukwa palibe woitumizira chotetezera. Kompyuta imene ikusamalidwabe imakhalanso pangozi ngati mwini wake adatseka maapudeti pofuna kupulumutsa bandulo.

Mapulogalamu ena nawonso amachoka

Windows ikasiyidwa, makampani ena amayamba kuisiyanso pang'onopang'ono. Chrome, imene ambiri timatsegulira intaneti, idasiya Windows 7 ndi Windows 8.1 kumayambiriro kwa 2023, ndipo mtundu wake womaliza pa makompyuta amenewa ndi 109. Pakapita nthawi masamba ena amayamba kukana kutseguka bwino pa Chrome yakale yotere. Kwa wophunzira amene amachita maphunziro a pa intaneti, zimenezi zingatanthauze kulephera kulowa m'kalasi kapena kutumiza ntchito yake pa tsiku lomaliza. Purintala yatsopano nayo imatha kukana kugwira ntchito pa Windows yakale chifukwa chosowa pulogalamu yoiyendetsera. Dziwaninso kuti Office 2016 ndi Office 2019, m'mene muli Word ndi Excel, zidasiyanso kulandira maapudeti pa 14 October 2025 pomwepo.

Ena amati, "Ine ndili ndi antivirus, ndiye palibe vuto." Antivirus imathandizadi, muisunge. Koma ntchito yake ndi kugwira mavairasi amene ikuwadziwa. Siitseka mipata imene ili m'kati mwa Windows yeniyeniyo.

Mungadziwe bwanji Windows imene muli nayo?

Dinani batani lokhala ndi chizindikiro cha Windows pa kiyibodi pamodzi ndi chilembo R. Patuluka kabokosi. Lembani mawu akuti winver n'kudina Enter. Kompyuta ikuuzani ngati ndi Windows 7, 8.1, 10 kapena 11, ndiponso mtundu wake, monga 22H2. Lembani zimenezi papepala, chifukwa aliyense wokuthandizani adzayamba kufunsa zimenezo.

Njira zinayi zimene mungasankhe

Njira yoyamba ndi kusamukira ku Windows 11. Ngati Windows 10 yanu ndi yovomerezeka, kusamukaku n'kwaulere, koma si kompyuta iliyonse imene imaloledwa. Pamafunika RAM yosachepera 4 GB, malo osungira osachepera 64 GB, kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0, ndi purosesa yatsopanoko. Kwa mapurosesa a Intel, ambiri amene amaloledwa ndi a m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, amene adayamba kutuluka mu 2017. Microsoft ili ndi pulogalamu yaulere yotchedwa PC Health Check imene imakuuzani ngati kompyuta yanu ikukwanira. Apa ndi pamene makompyuta ambiri a mphatso amagwera, chifukwa amafika kuno atagwira kale ntchito zaka zambiri kwina. Alipo anthu amene amadziwa kuika Windows 11 mozembetsa pa kompyuta yosakwanira. Imayaka ndithu, koma Microsoft idachenjeza kuti siilonjeza kuti makompyuta otere azilandira maapudeti.

Njira yachiwiri ndi kuonjezera chaka chimodzi pa Windows 10. Microsoft idatsegula ndondomeko yotchedwa ESU imene imapatsa anthu wamba maapudeti a chitetezo mpaka pa 13 October 2026. Kompyuta iyenera kukhala pa mtundu wa 22H2, umene ndi womaliza wa Windows 10, ndipo mufunika akaunti ya Microsoft. Mungalowe polipira madola 30 a ku America, koma mungalowenso osalipira ngati mwalola kuti zosankha za kompyuta yanu zizisungidwa pa akauntiyo. Polembetsera pamapezeka mu Settings, pa gawo la Windows Update. Njirayi imangokupatsani nthawi yokonzekera. Tsikulo likafika mudzafunikabe kusankha china.

Njira yachitatu ndi kuika Linux. Iyi ndi yabwino kwa makompyuta amene zitsulo zake zikadali zamphamvu koma Windows 11 yawakana. Mtundu wodziwika kwambiri ndi Ubuntu, umene Mark Shuttleworth wa ku South Africa adauyambitsa mu 2004 kudzera mu kampani yake ya Canonical. Dzinali lidachokera ku Chizulu ndi Chixhosa, ndipo ndi mawu omwe aja timati umunthu. Ubuntu imatuluka kawiri pachaka, mu April ndi mu October, ndipo nambala yake imanena tsiku lobadwa: 24.04 idatuluka mu April 2024. Mitundu wamba imasamalidwa miyezi 9 yokha, koma pa zaka ziwiri zilizonse pamatuluka wina wolembedwa kuti LTS umene umasamalidwa kwaulere zaka zisanu. Ubuntu 22.04 LTS ifika mpaka 2027, ndipo 24.04 LTS ifika mpaka 2029. Mukamasankha, tengani wa LTS. Palinso Linux Mint, imene idamangidwa pa Ubuntu ndipo maonekedwe ake sasiyana kwambiri ndi Windows, moti wozolowera Windows 7 sachedwa kuiphunzira. Linux Mint 22 isamalidwa mpaka 2029.

Linux ili ndi zovuta zake ndipo ndi bwino muzidziwiretu. Word ndi Excel za Microsoft siziikidwa mwachindunji. M'malo mwake muli LibreOffice, imene imatsegula ndi kusunga mafayilo a Word, ngakhale nthawi zina kaimidwe ka mizere ndi matebulo kamasintha pang'ono. Mapurintala ambiri amagwira ntchito, koma ena amavuta. Ubwino wake ndi wakuti mungathe kuiyesa kuchokera pa fulashi musadafufute kanthu pa kompyuta. Yesani purintala, Wi-Fi ndi mawu, kenako musankhe. Ngati sukulu yanu ya pa intaneti imafuna pulogalamu yapadera yolembera mayeso, yambani mwafunsa ngati imayenda pa Linux.

Njira yachinayi ndi kusunga Windows yakaleyo koma kuichotsa pa intaneti. Kompyuta imene ntchito yake ndi kutaipa, kupulinta kapena kuphunzitsira ana kiyibodi ingathe kutumikirabe zaka zambiri. Musailumikize ku Wi-Fi kapena ku foni, musalowerepo pa imelo, ndipo samalani ndi mafulashi a anthu, chifukwa mavairasi ambiri amene timavutika nawo pano amayenda pa fulashi kuchoka pa kompyuta ina kupita pa ina.

Mayi aja a kumsika adasankha zinthu ziwiri. Laputopu yawo siikwanira Windows 11, choncho tidailembetsa ku ESU kuti apeze nthawi, ndipo akuyesa Linux Mint pa fulashi kuti aone ngati purintala yawo ikugwirizana nayo.

Musadasinthe chilichonse, sungani mafayilo anu

Apa ndilankhule zimene zidandichitikira ine ndemwe. Zaka zingapo zapitazo ndidapereka laputopu yanga kwa mnyamata wina wokonza makompyuta kuti andichotsere Windows 7 n'kuika Windows 10. Sindidamuuze kuti muli zinthu zofunika, nayenso sadandifunse. Madzulo laputopu idabwera ikuthamanga bwino, koma disiki yonse idali itafufutidwa. Zithunzi za banja langa zidapita, pamodzi ndi zithunzi za satifiketi yanga ya kusekondale. Satifiketiyo ndidaijambulanso chifukwa pepala lake lidalipo. Zithunzi za abale zija sindidazipezenso.

Kuika Windows yatsopano kapena Linux kawirikawiri kumafufuta zonse zimene zili pa disiki. Choncho musadapereke kompyuta kwa wina aliyense, koperani mafayilo anu malo awiri osiyana, mwachitsanzo pa fulashi imene mumasunga kunyumba ndi pa imelo yanu kapena Google Drive. Mukatha, tsegulani mafayilowo pa kompyuta ina kuti mutsimikize kuti akopedwadi. Lembaninso mapasiwedi anu pamalo obisika, chifukwa ambiri timadalira kuti Chrome imatikumbukirira, ndipo ikafufutidwa timapezeka tatsekeredwa kunja kwa imelo yathu yomwe.

Pogula kompyuta yakale

Popeza maofesi ambiri m'maiko ena akusiya makompyuta amene sangalandire Windows 11, ogulitsa angathe kukubweretserani laputopu yooneka yatsopano pamtengo wokopa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Musayang'ane chikuto chokha. Funsani dzina lonse la purosesa. Pa Intel Core, yang'anani nambala imene ili patsogolo pa kamzere: i5-6200U ndi ya m'badwo wa 6 ndipo siiloledwa Windows 11, pamene i5-8250U ndi ya m'badwo wa 8 ndipo imaloledwa. Mawu akuti i5 kapena i7 paokha sanena zaka za kompyuta. Ngati wogulitsa waika kale Windows 11, muyang'anebe purosesayo, chifukwa mwina adaiika mozembetsa. Kompyuta ya m'badwo wakale si yoipa ngati mwakonzeka kuikamo Linux, koma mtengo wake uyenera kutsika.

Chenjerani ndi anthu achinyengo

Nthawi ngati ino anthu achinyengo amapezerapo mwayi. Mukaona uthenga wotulukira pa intaneti wonena kuti kompyuta yanu ili ndi vairasi ndipo muimbe nambala inayake kapena mulipire msanga, tsekani tsambalo. Microsoft siimbira anthu foni mwadzidzidzi kuwauza kuti kompyuta yawo yadwala. Maapudeti enieni amabwera kudzera mu Settings, osati pa linki ya pa WhatsApp. Pewaninso Windows ndi Office zothyoledwa zimene amakuikirani ndi timapulogalamu tonamizira laisensi, chifukwa timapulogalamu totere nthawi zambiri timabwera ndi mavairasi.

Kwa inu amene mulibe kompyuta yanuyanu koma mumagwiritsa ntchito ya pa kafe kapena ya mnzanu, nkhaniyi ikukukhudzaninso. Muli ndi ufulu wofunsa Windows imene ili pa kompyutayo. Ngati ndi Windows 7 kapena 8.1, pulintani zimene mukufuna koma musalowerepo pa imelo kapena pa akaunti ya ndalama. Pa kompyuta iliyonse ya gulu, kanani ikakufunsani kuti isunge pasiwedi, tulukani mu akaunti yanu mukamaliza, ndipo fufutani zikalata zanu zimene mwakopera pamenepo, kuphatikizapo mu Downloads ndi mu Recycle Bin.

Tikudziwa kuti maapudeti amadya bandulo ndipo magetsi sakhala odalirika. Njira yopepukirako ndi kusankha tsiku limodzi pamwezi, patapita masiku angapo kuchokera pa Lachiwiri lachiwiri lija, n'kupita ndi laputopu pamalo pamene pali Wi-Fi, batire itadzaza. Ngati mukufuna kuti tione limodzi Windows imene muli nayo, kapena kuyesa Linux musadasankhe, bwerani kuchipinda cha makompyuta pa nthawi imene chimakhala chotsegula. Mubwere ndi laputopu, chaja yake, ndi fulashi yokoperapo mafayilo anu.